ZIDA ZA SAULI: MAWU KWA OFUNA NTCHITO NDI KWA OLEMBA ANZAWO NTCHITO

Uthengawu ukuchokera kuno ku Chisi, pa nyanja ya Chilwa. 

Malemba athu lero ndi Genesis 27 ndi 41, 1 Samueli 16 ndi 17, Yoswa 9 ndi Eksodo 18. Muwawerenge nokha mofatsa mukapeza mpata; ine ndingokumbutsako nkhani zake. Uthengawu ndi wautali, koma dekhani, pakuti ukukhudza nsima ya mabanja ambiri. Ukupita kwa anthu awiri amene amakhala moyang'anizana pa tebulo limodzi tsiku la intaviyu. Wina wafumbata enivelopu ya masatifiketi m'manja mwa thukuta, winayo wagwira cholembera ndi pepala la malikisi. Nthawi zambiri onse awiri ndi anthu opemphera, ndipo onse awiri amayesedwa ndi tchimo limodzi: kunena kapena kuvomereza chimene sichoona.

M'zaka zimene ndidatumikira m'boma ndisanapume, ndidakhalapo kangapo pa bodi yofunsa anthu ofuna ntchito. Pali funso limene linkabwera pafupifupi nthawi zonse chakumapeto: "Kodi ndinu wokonzeka kukagwira ntchito kulikonse m'Malawi muno?" Palibe ndi mmodzi yemwe amene ndidamumva akuyankha kuti ayi. Yankho linkatuluka funso lisanathe n'komwe: "Inde bwana, kulikonse."

Tsono ndiloleni ndikumasulireni mawu akuti kulikonse. Kulikonse ndi kuchoka m'tauni ya Zomba, kutsika ndi msewu wa ku Kachulu makilomita pafupifupi 30, n'kukweza m'bwato matiresi, mbaula, thumba la ufa ndi ana omwe, kuoloka madzi mpaka pa chilumba. Kulikonse ndi udzudzu wa madzulo, ndi ulendo wa tsiku lathunthu pofuna kungokasainitsa pepala limodzi ku ofesi. Nyanja yathuyi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathiramo, dzuwa n'kumamwa. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 tidaonanso mabwato atakhala pamatope. Pa nyengo yotere ulendo umawawa koposa, chifukwa pamakhala malo oti bwato silingayende pomwe phazi nalonso silingaponde. Madzi akabwerera, asodzi amadzadzana m'zimbowera pakati pa mabango, ndipo kolera sachedwa kubuka.

Munthu amene adati "kulikonse" ndi pakamwa pokha akafika kumalo otere, amagona masabata awiri kapena atatu, kenako n'kuyamba kuzungulira m'maofesi kupempha kuti asamutsidwe. Dzina lake lili m'kaundula, kotero akuluakulu akuwerenga kuti malowo ali ndi munthu. Koma ana a Sitandade 4 aunjikidwa m'chipinda chimodzi ndi a Sitandade 3, ndipo mayi wodwala pakati pa usiku wapeza chitseko chotseka. Bodza lidanenedwa m'chipinda chokhala ndi magetsi ndi makatani, koma olilipira ndi mwana wa msodzi ndi mayi uja, amene sadalipo pamene linkanenedwa. Ndikudziwa aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo amene adaoloka nyanjayi n'kukhazikika zaka zambiri, ndipo ndimawavulira chipewa. Ndikulemba kuti anthu otere achuluke.

Sindikuweruza mwana aliyense mopanda chifundo. Ntchito ndi zosowa, ndipo njala siidziwa manyazi. Tikukumbukira chaka cha 2020, pamene unduna wa zaumoyo udaitana anthu kuti angofika okha pa intaviyu. Khamu lidasefukira, ndipo ku Mzuzu anthu ambiri adavulala popondana pachipata. Amenewo adali ana a anthu, ophunzira, ofuna kudya thukuta lawo. Mnyamata amene wakhala zaka zinayi pakhomo ndi satifiketi ya MSCE m'sutikesi, akumapempha ndalama ya sopo kwa amayi ake, amaona ngati kubodza pang'ono kulibe mlandu. Ndikumvetsa. Koma chifukwa chakuti ndikumvetsa, ndiyenera kukuuzani kumene njirayo imathera.

KWA INU OFUNA NTCHITO

Onani Yakobo. Atate ake Isake adali atakalamba, maso atachita khungu. Rebeka adaveka Yakobo zovala za mkulu wake Esau, n'kumukulunga zikopa za ana a mbuzi m'manja ndi m'khosi kuti amveke waubweya. Isake adafunsa mafunso monga amachitira a bodi. Adafunsa dzina, adadabwa kufulumira kwa ndiwo, adamukhudza, adamununkhiza. Khutu lidamuchenjeza, koma iye adakhulupirira manja ndi mphuno. Yakobo adapambana mayesowo ndipo mdalitso adautenga. Koma werengani zotsatira zake. Adathawa pakhomo poopa mkulu wake, n'kukakhala zaka 20 kwa Labani. Kumeneko wonyenga uja adanyengedwa, popatsidwa Leya m'malo mwa Rakele, ndipo malipiro ake ankasinthidwa mobwerezabwereza. Mulungu adamuchitira chisomo, inde, koma zaka za mantha zija palibe adamubwezera.

Zikopa za mbuzi zikadalipo lero, zangosintha maonekedwe. Ndi satifiketi yosindikiza kuseri kwa msika, kapena ya mkulu wanu amene mumafanana naye dzina. Ndi CV imene ikunena kuti mudagwira zaka zitatu pamalo pamene mudangothandizapo miyezi iwiri. Ndi kulemba kuti mumadziwa kompyuta pomwe mumangodziwa Facebook ndi WhatsApp. Ndi kalata yofunsira ntchito imene wakulemberani mnzanu kapena makina a pa foni, ya Chingerezi choti inu eni ake simungachimasulire. Ndi amalume amene mwawalemba ngati bwana wanu wakale. Ndi mayankho oloweza pamtima, amene anthu 40 am'mbuyo mwanu awanenanso mawu ndi mawu. Dziwani kuti likulu la MANEB lili mu Zomba momwemu, ndipo kaundula wa mayeso saola. Kupeka chikalata ndi mlandu wolowetsa kundende, ndipo umatha kukupezani patapita zaka 15, muli ndi banja, ana ali kusekondale, penshoni ikuoneka patali. Ngakhale musagwidwe, ntchito yeniyeniyo idzakufunsani Lolemba lililonse mafunso amene bodi idaiwala.

Tsopano onani Davide. Naye adakhalapo pa intaviyu, pamaso pa mfumu Sauli. Mfumu idamuyang'ana n'kumuona kuti ndi mwana, pomwe mdani adali katswiri wa nkhondo kuyambira ubwana wake. Davide sadadziwonjezere zaka, sadapeke nkhondo zimene sadamenyepo. Adafotokoza ntchito imene ankaidziwa, yoweta nkhosa za atate ake, ndi zimene adachita mkango ndi chimbalangondo zitagwira mwana wa nkhosa. Sauli atakhutira, adamuveka chisoti chamkuwa ndi malaya ake achitsulo. Davide adayesa kuyenda nazo, adaona kuti sadazizolowere, ndipo adanena poyera n'kuzivula. Taganizani kulimba mtima kumeneku, kubweza mphatso ya mfumu pamaso pa asilikali. Adatola ndodo yake, choponyera chake ndi miyala isanu yosalala ya mumtsinje, zida zonyozeka zimene dzanja lake linkazidziwa. Akadalowa m'chigwa chija atavala za Sauli, akadaoneka bwino kwa mphindi zochepa chabe.

Mwana wanga, mkango wanu ndi uti? Mwina mumaganiza kuti mulibe chonena chifukwa simudagwirepo ntchito ya muofesi. Koma mudasunga buku la banki m'khonde zaka ziwiri popanda tambala kusowa. Mudaphunzitsa ana a Sande sukulu oposa 50 pansi pa mtengo, opanda bolodi. Mudagula matemba ku Kachulu, n'kuwayanika, n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo mukudziwa kuwerengera mtengo wa galimoto, chiphaso cha msika ndi phindu lotsala. Mudadwazika agogo anu chaka chathunthu, n'chifukwa chake pa CV panu pali mpata wa chaka chimodzi. Nenani zimenezo, ndi manambala ake, ndi zimene zidavuta, ndi mmene mudazithetsera. Munthu wanzeru wa pa bodi amatopa ndi mawu akuti ndine wolimbikira, ndine wokhulupirika, chifukwa aliyense amatero. Akamva nkhani yeniyeni amadzutsa mutu. Ndipo musachite manyazi kutchula kwanu. Ena amalemba keyala ya m'tauni poopa kuti akati ndi a kunyanja asekedwa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Pa ntchito zambiri za kumudzi, kukhala mwana wa kunyanja ndiwo mwayi wanu, pakuti bwato simuliopa.

Musandimve molakwa. Kukhala weniweni sikutanthauza kufika wosakonzeka. Yosefe ataitanidwa kwa Farao kuchokera kundende, adayamba wameta ndi kusintha zovala. Nanunso chapani malaya, asitidwe, ngakhale akhale a pakaunjika. Gonani pafupi ngati malo ali kutali, kuti mphepo ya panyanja isakuchedwetseni. Funsani bwino za bungwe limene mukupitako ndi za ntchito imene mukufuna, pakuti safunsa adadya phula. Yosefe yemweyo, Farao atamutamanda kuti ndi katswiri wa maloto, adakana ulemu umene sudali wake n'kuubwezera kwa Mulungu. Komabe sadabise nzeru zimene adali nazo. Adayala dongosolo lomveka losunga gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola pa zaka zisanu ndi ziwiri za mwanaalirenji. Kudzichepetsa kwachikhristu si kung'ung'udza pansi mutaweramitsa mutu. Nenani zimene mumatha momveka bwino, osawonjezera, osachepetsa.

Akakufunsani chimene simukuchidziwa, nenani kuti chimenecho simudachiphunzire, ndipo fotokozani mmene mungachipezere. Pa bodi ina padafika mtsikana amene adayankha motero pa funso la malamulo a kasungidwe ka ndalama za boma. Adati bukulo sadaliwerengepo, koma adafotokoza mwatsatanetsatane mmene ankalembera ndalama zolowa ndi zotuluka pa chigayo cha bambo ake. Amene adabwera pambuyo pake adazungulira mphindi zisanu ndi Chingerezi chosalala, osanena kanthu. Ntchito adapatsidwa mtsikana uja. Chimodzimodzi pa funso la kulikonse lija. Ngati muli ndi matenda ofuna chipatala chachikulu pafupi, nenani. Ngati mungathe zaka zitatu koma osati moyo wonse, nenani. Ngati simukudziwa kumene akukutumizani, funsani. Sindikulonjeza kuti choonadi chidzakupatsani ntchito tsiku lomwelo. Nthawi zina chidzakulandani, wabodza n'kupita. Koma inu mudzakhala mutasiyira malowo munthu amene angawathe, ndipo chikumbumtima chanu chidzagona tulo.

Chenjeraninso ndi amene amaimba foni kuti tumizani ndalama dzina lanu lilowe pa mndandanda. Ambiri a iwo ndi akuba chabe, ndipo ngakhale atakhala a mkati, ntchito yogula imakusandutsani kapolo wa amene adakugulitsani. Ana anga aakazi, bwana amene akuti mukakumane kumalo ogona alendo kuti mukambirane za ntchito sakufuna wantchito. Lamulo lili kumbali yanu, ndipo ife makolo anu mumpingo tili kumbali yanu. Musasenze nokha, tiuzeni.

KWA INU OLEMBA ANZANU NTCHITO

Musaganize kuti gawo ili ndi la a Civil Service Commission ndi a Teaching Service Commission okha. Ndi lanunso a komiti ya sukulu mukamafuna mphunzitsi wothandizira, a seshoni mukamafuna mlonda kapena kalaliki wa mpingo, mayi amene mukufuna wolera mwana, bambo amene mukufuna mnyamata wa m'golosale kapena woyendetsa kabaza wanu.

Pa Yoswa 9 tikupeza anthu a ku Gibeoni, amene mudzi wawo udali pafupi, atadzikonza ngati a ulendo wautali. Adasenza matumba akale ndi zikopa za vinyo zong'ambika, adavala nsapato zazigamba, adanyamula buledi wouma wochita nkhungu. Atsogoleri a Israele adayang'ana umboni umene alendowo adabwera nawo okha, adakhutira, n'kulumbira pangano osafunsira kwa Mulungu. Patangopita masiku atatu choonadi chidatuluka, koma lumbiro lidali litawamanga kale. Phunziro lake ndi ili: musaweruze ndi zokhazo zimene wofuna ntchito wakubweretserani m'enivelopu. Masiku atatu ofufuza akadawapulumutsa. Imbirani foni amene adamulembapo ntchito, ndipo afunseni funso lolunjika: mutakhala ndi mpata, mungamulembenso? Tumizani satifiketi kwa amene adaipereka kuti atsimikize. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngakhale mneneri Samueli adatsala pang'ono kugwa m'mbuna yomweyi. Ataona Eliabu, wamtali ndi wooneka bwino, mtima wake udagamula kale kuti mfumu ndi imeneyi, mpaka Mulungu adamudzudzula. Ana asanu ndi awiri a Jese adadutsa, ndipo woyenera uja sadali n'komwe pa mndandanda, adali kubusa. Eliabu wa masiku ano ndi suti, fungo labwino ndi Chingerezi chotuluka m'mphuno. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati mukufuna mlangizi wa zaumoyo amene akalankhule ndi amayi pa sikelo ya ana, mumuyesa bwanji ndi Chingerezi chokha? Muuzeni afotokoze m'Chichewa, kapena m'Chiyao ndi m'Chilomwe ngati kumene akupitako n'kotero, mmene mayi angasungunulire thanzi ORS mwana akatsekula m'mimba. Pamenepo mudzaona amene akudziwa. Dzifunseninso kuti chilengezo chanu chidafika kuti. Ngati mudachiika pa intaneti pokha kwa masiku atatu, ndiye kuti Davide akadali kubusa, sadamve.

Pa nkhani iyi eni makoka a kuno kunyanja amatiposa nzeru ife a m'maofesi. Mwini khoka safunsa mnyamata kuti adziona ali pati zaka zisanu zikubwerazi. Amamupatsa ukonde wong'ambika kuti asoke, amamukweza m'bwato m'bandakucha kukuzizira, amaona mmene akugwirira chingwe, ndiponso mmene akuchitira ndi anzake pa nthawi yogawana. Asanatero amakhala atafunsa kale padoko kuti mwanayu ndi wa yani ndipo adachoka bwanji kwa amene ankamugwirira ntchito. Tengerani pamenepo. Wofuna uphunzitsi aphunzitse kwa mphindi 15 inu mukuonerera. Kalaliki alembe kalata pomwepo. Dalaivala abweze galimoto m'mbuyo. Wosunga ndalama apatsidwe malisiti osokonekera kuti awalongosole. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limalolanso kuti wantchito waluso ayambe wayesedwa kwa nthawi yosapitirira miyezi 12. Nthawi imeneyi ndi yomuyang'anira ndi kumuphunzitsa moona mtima, osati yomudyera masuku pamutu n'kumutaya.

Yetero adalangiza mpongozi wake Mose kuti asasenze yekha milandu ya anthu, ndipo adatchula zoyenera kuyang'ana posankha omuthandiza: luso, kuopa Mulungu, kukhulupirika ndi kudana ndi chiphuphu. Taonani kuti adayamba wanena zofunika asanaone nkhope ya munthu aliyense. Nanunso lembani zofunika pa ntchitoyo musanatsegule makalata. Funsani onse mafunso ofanana. Aliyense wa pa bodi alembe malikisi ake payekha musanayambe kukambirana, kuti mawu a wapampando asameze a ena onse. M'malo mofunsa kuti mungatani zitati zachitika, funsani kuti mudatani pamene zidachitika, ndipo tsatirani yankholo ndi mafunso ena mpaka mufike pansi pake. Woloweza amathera pa funso lachiwiri.

Ndipo inunso nenani zoona za ntchitoyo. Kunyenga sikuchokera mbali imodzi. Ngati nyumba ya mphunzitsi imadontha, nenani. Ngati malipiro amachedwa, nenani. Ngati ulendo ndi wa pabwato, musati ndi kufupi ndi Zomba. M'malo mwa funso la kulikonse lija, tchulani dzina la malo, fotokozani mmene kuliri, mupatseni munthu tsiku limodzi akafunsane ndi banja lake. Amene avomere atamva zonse ndiye adzakhale. Ndipo pakakhala mwana wa dera lomwelo amene ali ndi zomuyenereza, musamudumphe chifukwa chakuti nsapato zake zili ndi fumbi.

Tifike pa chilonda chenicheni. Timati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo n'zoona. Koma ntchito ya boma, ya mpingo kapena ya kampani ya eni si munda wa banja lanu. Pali ma intaviyu amene amachitika dzina litasankhidwa kale. Ana a anthu amagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama yoyendera, amagona pa depoti, kudzachita nawo sewero limene mathero ake adalembedwa dzana. Kumeneko ndi kuba, ndipo Mulungu amadana ndi sikelo yonyenga. Malamulo a dziko nawonso sadakhale chete. Employment Act yomwe ija imaletsa tsankho la mtundu, chipembedzo, ndale, ulumali kapena kuti uyu ndi mwamuna uyu ndi mkazi. Gender Equality Act ya 2013 imati polemba ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 ndipo asapitirire 60 pa 100 alionse. Corrupt Practices Act ya 1995 ndiyo idabala bungwe la ACB, ndipo ofesi ya Ombudsman yafufuzapo kangapo madandaulo a kalembedwe ka ntchito m'mabungwe a boma. Koma lamulo silingalowe m'chipinda chilichonse. Mwana wa mlongo wanu akalowa pakhomo, imirirani, nenani kuti uyu ndi m'bale wanga, tulukani, ena agamule. Ngati ali woyenera adzapambana popanda inu, ndipo adzayenda mutu uli m'mwamba. Ngati sali woyenera, mwapulumutsa ana a eni ku dzanja losadziwa ntchito.

Mbiri ya mpingo wathu ili ndi chitsanzo chokoma. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, amene sadaphunzire za mapulani a nyumba, pamodzi ndi amuna a kuno kwathu amene adali asanamangepo nyumba yotero. Adawaona manja, adawaphunzitsa, adawakhulupirira, ndipo nyumbayo ilipo mpaka lero. Abusa Harry Kambwiri Matecheta, amene adadzozedwa mu 1911 pamodzi ndi abusa Stephen Kundecha, adali atatumikira kale zaka zambiri pakati pa Angoni a ku Ntcheu, kutali ndi kwawo. Pamene ankawasanjika manja, ntchito yawo idali itawachitira kale umboni. Mapepala ndi ofunika, ndipo ana athu aphunzire mpaka pamapeto. Koma pepala limanena za dzulo la munthu m'kalasi, pomwe inu mukulemba munthu yense wathunthu.

Mawu awa ndi athunso ife akulu a mpingo ndi abusa. Achinyamata amabwera kudzapempha kalata ya umboni, ndipo chifundo chimatikoka kuti tilembe zokoma zokhazokha, ngakhale za munthu amene tangomuona kawiri pa Khirisimasi. Chidindo cha mpingo chikakhala pa bodza, tachita umboni wonama, ndipo tapeputsa kalata ya mwana wina wokhulupirika amene adzabwere mawa. Tilembe zimene tikudziwa, ndi kutalika kwa nthawi imene tamudziwa munthuyo. Ngati pali chimene sitingathe kuchitira umboni, timuuze mwini wake pamaso mwachikondi, ndipo timuthandize kukonza. Kumeneko ndiko kuweta nkhosa.

Pomaliza, olemba ntchito, kumbukirani amene sadapambane. Adabwera ndi chiyembekezo, ena atabwereka nsapato. Musawasiye akuyang'ana foni miyezi itatu. Uthenga waufupi wowathokoza ndi kuwauza zotsatira sudya ndalama zambiri, koma umabwezera munthu ulemu wake. Ndipo amene mwamulemba, mulipireni zimene mudapangana, pa tsiku limene mudapangana.

Abale anga, ena a inu muli ndi intaviyu sabata ino. Ena mukukasankha anthu mwezi uno. Musanalowe m'chipindamo, gwadani, ndipo kumbukirani kuti pali anthu amene sadzakhalapo koma adzadya zipatso za mawu anu: ana m'kalasi, odwala pa benchi, amasiye odikira fayilo yawo isainidwe.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu amene mumaona zobisika za mumtima, kumbukirani ana athu amene atopa ndi kuyenda ndi maenivelopu. Atsekulireni makomo, ndipo apatseni kulimba mtima kovula zida zimene sizili zawo. Amene mwawapatsa mphamvu yosankha anzawo, apatseni maso oona ndi manja oyera. Tumizani kunyanja kuno, ndi kumadera onse akutali, antchito amene adzabwere ndi mtima wonse. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Ngati mukudziwa wachinyamata amene akukonzekera intaviyu, mutumizireni uthengawu, kapena muwerengereni ngati alibe foni. Ambuye akudalitseni ndi kukusungani nonse.